Phwando Likatha: Mfundo Zofunika kwa Ife a mu Lilongwe

Sabata ya Khirisimasi ikafika, mumsewu wa Malangalanga simuyendeka. Maminibasi, akabaza, anyamata a mawilibala ndi amayi osenza madengu a tomato amalimbirana kanjira kamodzi, pansi pali matope a mvula ya dzulo. Ku City Centre n'kosiyana. Maofesi a ku Capital Hill amayamba kuchita zii, eni ake atalunjika ku Gateway Mall, ena kunyanja ku Salima. Ku Area 10, 12, 43 ndi 47 simuona munthu panja, mumangoona utsi wa kanyenya ukutuluka kuseri kwa mipanda. Koma pofika pa 27 Disembala onsewa amakhala atasiya chinthu chofanana: mulu wa majumbo, mabotolo, mbale zapulasitiki ndi mpunga wosasa.

Mfundo zili m'munsizi ndazitola kwa amayi. Ena mwa iwo ndi odziwika dziko lonse ndi kunja komwe. Ena simudzamva dzina lawo pa wailesi ngakhale tsiku limodzi, chonsecho ndi amene amatidyetsa. Ife a m'tauni tinazolowera kuwatamanda pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, n'kuwagulira chitenje, kenaka pakatha miyezi iwiri n'kukonza phwando losemphana ndi nzeru zonse zimene ali nazo, ntchito yake n'kuwasenzetsa iwo omwewo. Kuomba m'manja tonse timatha. Chimene chimativuta ndi kutengera.

1. Kajumbo kamene mwapatsidwa ulere kali ndi wokalipira.

Mayi Gloria Majiga-Kamoto sanayambe n'kulimbana ndi mafakitale. Ankagwira ntchito ku bungwe la Centre for Environmental Policy and Advocacy, CEPA, pa pulojekiti yothandiza alimi ndi mbuzi. Alimiwo ndi amene anayamba kuwadandaulira kuti mbuzi zikufa. Zikatumbulidwa, m'mimba munkapezeka majumbo atapiringizana. Mbuzi imatola jumbo chifukwa cha mchere ndi mafuta a tchipisi otsalira mkatimo. Ikameza, jumboyo sigayika, imatseka njira ya chakudya, chiweto n'kumangowonda chikudya mpaka kufa. Kafukufuku amene anachitika pa Mponela, ku Dowa, anapeza pulasitiki m'mimba mwa ziweto 40 pa 100 zilizonse zimene zinaphedwa. Mponela si kutali. Mbuzi imene mukufuna kuotcha pa 25 yakulira m'malo oterowo.

Lamulo linalipo kale. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, mu 2015. Makampani opanga majumbo anathamangira kukhoti, lamulo n'kuima chilili, majumbo akupangidwabe usana ndi usiku. Mayi Majiga-Kamoto anasonkhanitsa mabungwe, atolankhani ndi anthu wamba, n'kumachita phokoso kuti mlanduwo usagone m'mafayilo. Pa 31 Julayi 2019 khoti la Supreme linagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Mu 2021, ali ndi zaka 30, mayiwo analandira Goldman Environmental Prize, mphoto imene imaperekedwa chaka ndi chaka kwa anthu ochepa kwambiri omenyera chilengedwe padziko lonse. Nkhondoyo sinathere pomwepo, chifukwa makampani ena anabwereranso kukhoti kangapo.

Nanga ife? Timawerenga nkhaniyi n'kupukusa mutu kuti "koma mayi ameneyu ndi wolimba mtima," madzulo ake n'kulowa m'nyumba titanyamula jumbo ya tomato, ya anyezi, ya usipa, ya mazira, zonsezo zili m'jumbo ina yaikulu. Khoti lingatseke fakitale, koma silingatitsatire kumsika. Agogo athu ankapita kumsika ndi dengu, chitenje chili m'chiuno chomangira zotsala. Madengu akugulitsidwabe mu Old Town momwemo, ndipo limodzi limatha zaka. Guleni, lizikhala m'galimoto.

2. Gulani chakudya cha nyengo yake, kwa munthu amene amachidziwa.

Pakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu pamadutsa mtsinje wa Lilongwe, ndipo ofuna chidule amalipira pa timilatho tamitengo timene anyamata anakhoma okha. Mukawolokera ku Lizulu m'mawa wa mu Disembala, imani kaye muone mmene mayi wogulitsa masamba amagwirira ntchito. Wafika kusanache. Wayala chiguduli, waunjika bonongwe, chisoso ndi nkhwani m'timilu. Pambali pali botolo la madzi loboola chitsekerero limene akuwazira masamba kuti asafote. Tomato wamugawa patatu: wolimba wa mawa, wakupsa wa lero, ndi wophwanyika pang'ono amene ali m'beseni, wotchipa, wodikira amayi a malesitilanti. Masamba akunja a kabichi ali m'thumba, akubwera kudzatenga woweta nkhumba. Nkhwani wotsala madzulo akafutsidwa kunyumba. Pamalo pake ponse simupeza chotayidwa.

"Asisi, bwerani muone bowa, wazulidwa lero lomwe."

"Koma ndi wabwino, amayi? Ine ndimaopa."

"Ndi utale uyu. Dzulo ndadya wotereyu ndi ana anga. Tengani milu iwiri, ndikuikirani basela."

Mantha a bowa ndi oyenera, poti dzinja lililonse timamva za mabanja ogonekedwa m'chipatala atadya wapoizoni. N'chifukwa chake mumagula kwa munthu amene wakhala akumuzula kuyambira ali mtsikana, osati kwa mwana wotumidwa.

Disembala ndi mwezi wa zokoma zotchipa. Mango ali mbwee, mapichesi a ku Dedza ndi Ntcheu akadalipo, masuku akutsirizika, ngumbi zatuluka ndi mvula yoyamba, ndiwo zamasamba zikumera zokha m'mbali mwa mpanda. Azaumoyo m'dziko muno amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mbale ya Khirisimasi ya m'ma Area mukaiyang'anitsitsa ili ndi magulu atatu okha: mpunga ndi tchipisi, nyama ya mitundumitundu, ndi mafuta. Kabichi wa mayonezi amangokhalapo ngati mboni ya paukwati. Ndimadabwa kuona munthu akulambalala mango otchipa n'kukagula maapozi amene atha masiku pamsewu kuchokera ku South Africa, aliyense ali ndi kasitika kake, ali m'thireyi yokutidwa ndi pulasitiki. Nkhwani wotendera pambali pa mpunga wa Kilombero ndi nkhuku yalokolo sanachotserepo munthu ulemu. Alendo a ku Area 43 omwewo ndi amene amayamba kufunsa ngati watsalako mupoto.

3. Shuga ndi mchere sizidziwa kuti ndi holide.

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. WHO imalangiza mchere wosapitirira magalamu 5 patsiku, kasipuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu soseji, m'zokometsera za m'mapaketi ndi umene timathira pa kanyenya. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana timasipuni pafupifupi 8. Tawerengani amene mwana wa zaka 6 amamwa pa 25 kuyambira m'mawa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Thobwa la chimera chabwino limatsekemera lokha, ndipo shuga wowonjezera mumayeza nokha. Pathebulo pakhalenso jagi ya madzi. Amene mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga musawapatse tchuthi, ndipo amene walawa mowa apereke makiyi a galimoto kwa wina.

4. Mkute si umphawi.

Mayi wakumudzi akamaphika amawerenga pakamwa, n'kuwonjezerapo mtanda umodzi wa mlendo. Nsima ikatsala, m'mawa ana amadya mkute asanapite kumunda. Madeya amapita ku nkhuku. Nkhwani wochuluka wa m'dzinja amafutsidwa, n'kuyanikidwa, n'kumangidwa m'chikwatu cha masamba a msuku kudikira Okutobala. Ife tinafika m'tauni, tinagula firiji, kuwerenga n'kuiwala. Timateleka mpunga wa anthu 40 tikuyembekezera 15, kuopa kunenedwa kuti ndife oumira. Ndipo timachita zimenezi mwezi umene kumudzi nkhokwe zayamba kuoneka pansi, abale athu akuyenda maganyu kuti apeze ka mgaiwa ka tsiku limodzi.

Koma kusunga chotsala kuli ndi malamulo ake, makamaka nyengo ino ya kutentha ndi chinyezi. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri. Mpunga ndiye woopsa kuposa mmene ambiri amaganizira. Muli tizilombo tina topirira moto, ndipo mpunga ukagona mupoto wovundikira usiku wonse timachulukana n'kusiyamo poizoni amene satha ngakhale mutautenthetsanso. Gawani chotsalacho alendo asanabalalike. Auzeni pasadakhale abwere ndi makontena awo, palibe chamanyazi. Alonda apageti alandire chikadali chotentha, osati mawa lake chitayamba fungo. Firiji musaikhulupirire kwambiri, magetsi a mu Disembala mukuwadziwa.

Tisaiwalenso msanga kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022. Inadwalitsa anthu oposa 58,000, n'kupha oposa 1,700, ndipo inakula kwambiri nthawi yomweyi ya zikondwerero, moti mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri. Beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse motsatana, kuyambira akuluakulu kutsirizira ana, timaliona laulemu, koma mwana womaliza uja amasamba m'litsiro la nyumba yonse. Thiriranani madzi ndi jagi, sopo ali pomwepo.

5. Amene waphika nayenso ali ndi Khirisimasi.

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ambiri a ife timagwa.

Area 47 inayandikana ndi Mtandire. Area 12 ndi 43 sizili patali ndi Kauma. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanatuluke, mumaona mzere wa amayi akuyenda wapansi kuchokera uko kulowera m'mageti athu, nsapato zili m'manja ngati kwagwa mvula. Mmodzi wa iwo ndi amene amakolopa m'nyumba mwanu. Pa 23 Disembala nkhani yake imakhala yaifupi.

"Anti, pa 25 mulawirire, kubwera alendo."

"Chabwino, madamu."

Angayankhenso chiyani? Pa tsikulo adzadzuka 4 koloko, aphikire ana ake kampunga, awasiye ndi mwana wamkulu wa zaka 12. Kwanu adzasosola nkhuku, asende mbatata yakachewere ndowa yathunthu, akazinge, atsuke, akolope pamene mwana wa mlendo wataya Fanta. Adzadya cha m'ma 4 koloko madzulo, ataimirira m'khitchini, khosi ndi miyendo ya nkhuku. Adzabwerera kwawo kuli mdima, atapatsidwa jumbo ya mpunga wozizira ndi malaya amene madamu anatopa nawo. Madamuwo Lamlungu lapitalo anali kutsogolo kutchalitchi kuwerenga za mkazi wangwiro, ndipo abwana ali ndi chithunzi cha amayi awo pa WhatsApp ndi mawu okoma pansi pake.

Lamulo la ntchito la mu 2000 limanena kuti munthu wogwira ntchito pa tsiku la holide alipidwe kawiri poyerekeza ndi tsiku wamba. Limenelo ndi lamulo chabe, ulemu uli patsogolo pake. Malipiro a Disembala aperekeni pa 20 pasanafike, kuti nayenso akagule mitengo isanakwere. Ngati n'kotheka, pa 25 akhale kwawo. Alendo anu akhoza kubwera pa 26, kapena mukhoza kuchepetsa miphika, zimenenso zingachepetse zotaya.

Ndipo m'nyumba zambiri anti kulibe. Anti wake ndi mkazi wa m'nyumbamo, ndi ana ake aakazi, ndi mlamu wobwera kudzacheza. Abambo anzanga, kutembenuza nyama pa waya botolo lili m'manja si kuphika. Mnyamata wa Fomu 3 ali ndi manja awiri okwanira kutsuka mapoto. Mayi akhale pansi adye limodzi ndi anthu, nyama yabwino isanathe.

6. Zimene mwaponya kunja kwa mpanda zapita kwa munthu.

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda uno, ndipo lero tapitirira pamenepo. Pa zinyalala zimene timatulutsa, gawo lochepa chabe ndi limene limafika kumtaya wa ku Area 38. Zina zimaotchedwa kuseri kwa nyumba, utsi wa pulasitiki n'kulowa m'mapapo mwa ana a aneba. Zina zimapatsidwa kwa mnyamata wa wilibala amene sitimufunsa kumene akukataya, ngakhale tikudziwa kuti ndi m'ngalande kapena mumtsinje. Mvula ikagwa, majumbo, mabotolo ndi mapampasi zimatseka makalavati, madzi n'kufuna njira ina. Mtsinje wa Lingadzi utasefukira mu 2017, amene anataya mabulangete, ufa ndi makoma a zidina ambiri anali a ku Mtandire.

Ku Mtandire komweko ndi kumene kunachokera yankho lina. Magulu a amayi, kudzera mu pulojekiti ya Waste for Wealth, anayamba kutolera zinyalala zoola n'kumapanga manyowa ogulitsa kwa odzala maluwa ndi mitengo m'tauni. Anaona ndalama m'zimene ife timatseka mphuno. Zinyalala zambiri za m'nyumba zathu ndi zoola ndithu: makoko a mbatata, a nthochi, a mango, zikhokhombe za mazira, udzu wotchetcha. Amene muli ndi bwalo lalikulu kumbani dzenje pakona, muzithiramo zimenezi, pamwamba phulusa ndi kadothi. Pakutha kwa dzinja muli ndi manyowa a dimba lanu.

Zotsalazo zisankheni musanatulutse. Mabotolo apulasitiki atsukeni, muwaike m'thumba lawolawo, chifukwa pali amayi ogulitsa thobwa ndi mafuta ophikira oyeza amene amachita kuwagula. Galasi losweka likulungeni m'nyuzipepala yochindikala. Thumba lanulo likafika kumtaya lidzapisidwa ndi dzanja lopanda magolovesi, ndipo kawirikawiri ndi dzanja la mayi amene wabereka mwana kumbuyo. M'malo mwa mbale ndi makapu ogwiritsa ntchito kamodzi, bwerekani zenizeni kwa aneba kapena kumpingo monga timachitira pamaliro ndi pachinkhoswe. Amayi a m'makomiti amenewo amadyetsa anthu mazanamazana ndi mbale zolembedwa dzina kunsi, ndipo zonse zimabwerera kwa eni ake.

7. Thumba la makala ndi mpopi wa madzi n'zapachibale.

Madzi a m'mipopi yathu amachokera mumtsinje wa Lilongwe, umene umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama n'kusungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Makala ambiri a mumzinda uno akhala akuchokera m'nkhalango yomweyo, pa njinga zimene mumakumana nazo m'bandakucha pamsewu wa ku Likuni. Zinafika poipa moti mu 2015 boma linatumizako asilikali. Wanjinga uja sindimuda, akufuna ya ufa. Wogula matumba awiri a phwando ndife, amene tili ndi kuka ya magetsi ndi silinda ya gasi m'khitchini.

Mayi wogula makala a m'kajumbo amadziwa kuwasamala. Nyemba amaziviika usiku, mphika amavundikira, ndiwo zikapsa amateleka pomwepo madzi osamba, makala otsala amazima n'kusungira mawa. Chitetezo mbaula, imene magulu a amayi amaumba ndi dongo, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa.

Wangari Maathai wa ku Kenya anayamba ndi madandaulo a amayi akumudzi a nkhuni ndi madzi. Mu 1977 anayambitsa Green Belt Movement, ndipo mu 2004 anakhala mayi woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Kwathu kuno nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye kuti Khirisimasi imapeza nthaka ili yonyowa kale. M'malo mwa mtengo wapulasitiki wa timagetsi, mwana aliyense mupatseni mbande yake ya mango, ya mapeyala kapena ya mbawa. Mumuuziretu kuti ntchito yeniyeni ndi yothirira mu Seputembala.

8. Ena Khirisimasi imawapeza atatsekeredwa.

Pa 24 Disembala 1981, anthu akukonzekera mapemphero a usiku, Mayi Vera Chirwa ndi amuna awo a Orton Chirwa anagwidwa kum'mawa kwa Zambia n'kubweretsedwa kuno ku Malawi. Mayi Chirwa ndi amene anali loya woyamba wamkazi m'dziko muno. Mu 1983 onse awiri anaweruzidwa kuti aphedwe, kenaka chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Anatha zaka 8 osaonana. A Orton anamwalirira m'ndende mu Okutobala 1992, ndipo mayiwo anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993.

Chimene chimandigwira mtima ndi zimene anachita atatuluka. Akanatha kukhala pakhonde n'kumalera zidzukulu, palibe akanawanena. Iwo anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba pa zamalamulo, ndipo pambuyo pake African Commission on Human and Peoples' Rights inawapatsa udindo woyendera ndende za mu Africa. Munthu wodziwa fungo la m'selo anabwereranso mwakufuna kwake kukaona mmene ena akugonera.

Ndende ya Maula ili mumzinda momuno. Pa Kamuzu Central ndi pa Bwaila pali odikirira odwala amene atha masabata akuphika panja, ufa utawathera. Amayi a Chigwirizano, a Dorika ndi Amayi Achikatolika amapitako chaka chonse popanda wowajambula. Afunseni iwowo chimene chikufunika. Adzakuuzani sopo, ufa, mchere, shuga, nyemba ndi mapadi, osati makeke. Foni isiyeni m'thumba.

9. Phunzirani kukana.

Tulutsani K200 muione nkhope imene ilipo. Ndi Mayi Rose Chibambo, amene anayamba kusonkhanitsa amayi ku Zomba m'zaka za m'ma 1950 kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu Malichi 1959 anamangidwa patangopita masiku awiri atabereka, n'kulowa m'ndende ndi khandalo. Anadzakhala mayi woyamba kukhala wachiwiri kwa nduna m'boma la dziko lino, koma pa mkangano wa nduna wa mu 1964 anakananso kungovomera zilizonse, ndipo zimenezi zinawadyera zaka 30 ali ku Zambia. Anamwalira mu Januwale 2016.

Kukana kumene ife tikufunika n'kwakung'ono zedi: kukana kupikisana ndi aneba, kukana makireti a ngongole, kukana yunifolomu ya banja lonse yovala tsiku limodzi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, moti K200 ija lero sigula ndi theka lomwe la buledi. Koma maphwando athu sanachepe.

Amayi a banki mkhonde ambiri amagawana ndalama zawo mu Disembala momwemu. Taonani ndondomeko yawo: ayamba feteleza wobereketsa, kenaka fizi ndi yunifolomu, kenaka mpamba wa bizinesi ya chaka chamawa. Chitenje ndi kilo ya nyama zimabwera pomalizira. Ife olandira bonasi timayambira kumapeto kwa mndandandawo, pa 10 Januwale n'kumasaka nambala ya wakatapila.

10. Mtsikana amene mwabwera naye kuchokera kumudzi.

Mayi Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya usekilitale pa koleji ina ku Zomba zaka 27, mpaka mu 2003 pamene anaitanidwa kwawo ku Dedza kukalowa ufumu. Atafika anapeza ana a zaka 12 ali ndi makanda kumbuyo, amuna awo ali pambali. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati a ana oposa 850, kubwezera anawo kusukulu, ndi kuimitsa paudindo mafumu ang'onoang'ono amene ankavomereza maukwatiwo. Mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo, pa City Centre pomwepa, inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanafike zaka 18.

Ife a m'ma Area timamva nkhaniyi n'kuganiza kuti ndi ya ku Dedza. Yathu ili ndi maonekedwe ena. Timapita kumudzi kukadya Khirisimasi, achemwali athu n'kutidandaulira za fizi, ife n'kunena kuti "mwanayu ndipite naye, akaphunzira kutauni." Akafika, sukulu imayamba kudikira teremu yamawa. Amadzuka woyamba, amagona womaliza, amasenzera zikwama ana a msinkhu wake omwe mpaka pagalimoto. Pakatha zaka zitatu timamubweza kumudzi ndi mimba kapena ndi mbiri ya mwano, sitandade yake ili yomwe ija.

Tabitha Chawinga anabweranso mu Lilongwe ali kamtsikana kuchokera ku Rumphi, koma iye anapeza omulola kuchita chimene ankatha, n'kusewera mu timu ya DD Sunshine. Mu 2023 ndi amene anagoletsa zigoli zambiri mu ligi ya amayi ya ku Italy, 23, ali ku Inter Milan. Mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse. Timawaonerera pa TV pabalaza, mtsikana wathu uja ali kukhitchini kukwecha mapoto.

Choncho mukamabwerera pa 2 Januwale mwana wa achemwali anu ali pampando wakumbuyo, malo asukulu akhale atapezeka kale, yunifolomu itayezedwa, ndipo ntchito za pakhomo zigawidwe mofanana ndi ana anu. Musanyamuke kumudziko musanadutse kwa ahedi kukatenga kalata ya transifa, chifukwa kusukulu yatsopanoyo adzaifuna tsiku loyamba lomwe.